Filimu Yomaliza ya Asisi Thelma

1

Amayi anandituma chinthu chimodzi chokha. Pa bwalo la ndege la Chileka anandigwira mkono mpaka zikhadabo zawo zinandilowa.

"Rodney, thupi libwera pa ndege, zimenezo ndamva. Koma iwe ukapite kwa eni ake a filimu ija. Ukawapemphe ngakhale kachidutswa. Ndimuoneko mwana wanga akuyenda, akuyankhula."

"Ndamva, amayi."

"Usakachite manyazi. Ukawauze kuti ndiwe manijala wake."

Ndinagwedeza mutu. Liwu limenelo la manijala linali litandiwawa kale kwa zaka, koma tsiku limenelo linandibaya kuposa kale.

Dzina langa ndine Rodney, kwathu ndi ku Bangwe. Thelma anali mchemwali wanga wamkulu, ndipo m'banja mwathu tinalimo awiri basi. Ngati mumaonera mafilimu a kuno kwathu, nkhope yake mukuidziwa. Dzina la filimu yake sinditchula. Ndi ija ya mayi amene akugwada pa geti la chipatala, mwana ali kumsana, akuchonderera mlonda kuti amutsegulire. Amene munaionera mukudziwa kuti pamalo amenewo munthu sumeza malovu.

Filimu imeneyo ndi yomwe inamupatsa mphoto ya mzimayi wochita bwino koposa, ku mwambo waukulu wa mafilimu a mu Africa, ku Nigeria. Ndikuuzani zomwe mphotoyo inatichita.

2

Tsiku lomwe anabwerako, ku Chileka kunali ng'oma ndi kwaya. Akuluakulu a masuti anayankhula motsatizana. Wina anati amumangira sukulu ya zisudzo. Wina anati dziko lonse lili pambuyo pake. Asisi anakweza chikho cha mphotoyo m'mwamba, amayi akululutira mpaka mawu anawathera.

Ine ndinali chaka chachiwiri ku koleji, ndikuphunzira za akawunti. Sabata yomweyo ndinasiya. Ndinadinditsa timakhadi tolembedwa dzina langa, pansi pake "manijala". Asisi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"A manijala, jekete muli nalo koma?"

"Ndidzagula ku Amereka."

"Bwerera kusukulu, iwe. Mafilimu ndi anga."

"Ndiye mafoni onsewa aziyankha ndani?"

Mafoniwo analiradi mwezi woyamba. Ambiri anali atolankhani. Kenaka kunangoti zii.

Ndinapita kwa a Zefaniya, omwe anapanga filimu ija. Ndinawapeza akujambula ina ku Chilomoni, mtsikana watsopano atavala chitenje ngati chomwe asisi ankavala.

"Bwana, bwanji simunatiitane?"

Anandikokera pambali. "Mphwanga, Thelma watikulira. Ife timalipira anthu ndi thiransipoti ndi fanta. Munthu woti wagwirana chanza ndi akatswiri a ku Nigeria, ndikamupatse fanta? Anthu angandiseke."

"Iyeyo sanakane fanta."

"Sanakane, koma ine ndingachite manyazi. Adikire a kunja. Amuitana, uona."

A pa wailesi ananenanso chimodzimodzi. A mabungwe omwe ankamutenga kukachita masewero a za umoyo m'midzi anati tsopano ndi wamkulu, sangagone m'kalasi pa mphasa. Aliyense anamulemekeza mpaka anamusiya yekha.

A kunja aja anaimbadi, kangapo. Ankatumiza mawu oti awerenge, ine ndikumujambula pa foni pakhonde. Woyamba ankafuna wantchito wa m'nyumba ya mzungu. Wachiwiri ankafuna mayi wothawa nkhondo, wopanda dzina, wongolira. Wachitatu wantchito wa m'nyumba kachiwiri, mawu ake "inde madamu" basi. Mzimayi wina wa ku Ulaya anamuuza pa foni kuti amalira mokongola.

Asisi anadula foniyo. "Rodi, kodi anthu awa saona kuti ndimathanso kuseka? Nditha kukhala loya. Nditha kukhala mbava. Ndikachokere ku Nigeria ndi chikho kuti ndizikakolopa m'mafilimu a eni ake?"

Anakana. Nawonso sanaimbenso.

Chowawa chinali chakuti sakanathanso kubwerera komwe anachokera. Mphoto isanabwere ankagulitsa kaunjika ku Limbe, wopanda womunena. Atayesa kuyambiranso, anthu ankaima n'kumamujambula. Mu minibasi kondakitala anakuwa tsiku lina: "Pepani makasitomala, sunthani pang'ono, takweza bwana wa ku Nigeria!" Basi yonse inaseka. Asisi anatsikira panjira, n'kuyenda wapansi mpaka ku Bangwe. Kuyambira pamenepo ankangokhala m'nyumba.

Ndiye tsiku lina analowa akumwetulira. Anati wapeza gawo ku Dubai, sewero la pa kanema, lalitali, losatha msanga.

"Nanga manijala?" ndinafunsa.

"Ndikakhazikika ndidzakuitana."

Patapita milungu anayamba kutumiza zithunzi. Anali m'khitchini yonyezimira ya matailosi obiriwira, atavala yunifolomu ya pinki ndi epuloni yoyera. Ndinamuimbira nthawi yomweyo.

"Asisi, mwavomera zokolopa zija?"

"Iwe, uku wantchitoyo ndiye mwini nkhani. Popanda iye nyumba yonse ingagwe."

Amayi anazionetsa zithunzizo kumpingo konse. Zinatha zaka ziwiri. Kenaka kunabwera foni ya bambo wina wotchedwa a Brown, wapampando wa gulu la Amalawi okhala ku Dubai. Anayamba ndi mawu aja timayambira kwathu, akuti matenda akula. Amayi anangokhala pansi, chifukwa anadziwa.

3

A Brown anandilandira okha pa bwalo la ndege. Anali bambo wonenepa bwino, wa magalasi, wa mawu ofatsa. Amagwira ntchito ya akawunti ku kampani ina yaikulu. Tikiti yanga anagula ndi iwo, viza anayendetsa ndi iwo. Anandikumbatira ngati mwana wawo.

"Pepa, mwana wanga. Anagwa ali pa ntchito. Madokotala akuti mtsempha wa m'mutu unaphulika. Sanavutike."

Tikutuluka panja, mpweya unandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni. M'galimoto ndinafunsa za filimu.

"Zimenezo bwinobwino," anatero. "Tiyambe ndi mapepala. Kuno mtembo sutuluka popanda siginecha ya sponsa, munthu amene anamubweretsa m'dziko muno."

"Sponsa wakeyo ndi kampani ya filimu?"

"Zimenezo undisiyire ine."

Anati kunyumba kwawo kwadzaza alendo, choncho anandipezera bedi ku Karama, m'chipinda cha anyamata ambiri, mabedi osanjikizana. Pansi panga pankagona ba Mwamba, a ku Zambia, oyendetsa takisi. Ndinawaonetsa chithunzi cha asisi, n'kuwafunsa komwe amajambulira masewero a pa kanema.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana, ine muno nayenda konsekonse. Ma studio yaliko, kuja ku chipululu. Manje iwe, wadya?"

"Sindikumva njala. Mungandiperekeze?"

"Inshallah, Mulungu akalola."

"Liti?"

"Iwe, inshallah ni inshallah. Yalla, tiye tikadye paratha, uzagwa na njala muno mu dziko ya bene."

Aliyense amene ndinamufunsa ankatero. Amalawi omwe ankabwera kudzandipepesa ankati asisi anali munthu wabwino, wansangala, woimba bwino kutchalitchi. Ndikangotchula filimu, wina ankayang'ana foni, wina ankakumbukira kuti sitima ya metro imusiya.

Ku mochale ndinapita ndi a Brown. Nkhope ya asisi inali yomweyo, ngati angotsinzina kudikira kuti wina anene kuti yambani. Ndinawagwira dzanja. Linali lokhakhala, zala zong'aluka m'mbali mwa zikhadabo. Asisi ankasamala manja awo kuposa nkhope. Ankati kamera imaona manja poyamba.

Amayi ankaimba tsiku lililonse. "Wawapeza?"

"Ndikufufuzabe, amayi."

"Usabwere chimanjamanja, Rodney."

4

Lamlungu masana kunali mapemphero a maliro kunyumba kwa a Brown, ku Mirdif. Anasankha Lamlungu chifukwa ndi tsiku lomwe amayi ambiri ogwira ntchito m'nyumba za anthu amapatsidwa ofu.

Nyumbayo inali ya mpanda, ya zipinda zam'mwamba. Abambo tinakhala pabalaza lozizira ngati m'firiji: manesi, mainjiniya, wina wogwira ntchito mu ndege. Ndikukhala pansi, maso anga anagwera pa shelefu ya galasi. Pakati pa zithunzi za ukwati ndi mbale zokongoletsera panali chikho cha asisi.

A Brown anaona komwe ndikuyang'ana. "Anatisungitsa. Uchitenga popita."

Akazi awo, anti Rebecca, anali atayala makapeti m'chipinda china chachikulu pafupi ndi khomo, choti amayi akhalemo. Anaima pakhomo atavala zakuda, akulandira anthu.

Amayi aja anafika pamodzi, atatsika basi imodzi. Anali atamanga zitenje pamwamba pa madiresi, mipango kumutu, ngati ali ku Ndirande. Anavula nsapato pakhomo. Kutsogolo kwawo kunali mtsikana wamfupi, wa maso ofiira, yemwe anakawachingamira pa basipo, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi Prisca, mnzawo wa asisi.

"Lowani muno, amayi," anatero anti Rebecca. "Ndakonza muno."

Palibe analowa. Anadutsa mwakachetechete, mmodzi pambuyo pa mnzake, kulunjika kukhonde la mkati.

"Amayi, ndati muno! Prisca, ukuwatengera kuti anthu?"

Mayi wina wachikulire anatembenuka. Sanakweze mawu. "Pepani madamu. Maliro sitilirira pa kapeti ya alendo. Timalirira pomwe munthu ankagona."

A Brown anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Kenaka kulira kunayambika, kuchokera kuseri kwa nyumba, kulira kwa kwathu kwenikweni, kotchula dzina.

Ndinaimirira.

"Rodney, khala pansi," anatero a Brown. "Kumeneko n'kwa amayi."

Sindinawamvere. Ndinatsata kulirako. Ndinatsegula chitseko, n'kupezeka ndili m'khitchini ya matailosi obiriwira. Ndinaidziwa ngati ndinabadwiramo. Zenera lomwelo, mapoto omwewo atapachikidwa pamzere, wotchi yomweyo ya chithunzi cha tambala. Khitchini imeneyi amayi anaionetsa kumpingo konse.

Kuseri kwake, kudutsa makina ochapira, kunali kachipinda kopanda zenera. Amayi aja anali atapanikizana pansi, ena pakhomo, ena atatsamira makinawo. Munali kabedi kachitsulo. Pansi pa bedi panali masilipasi a asisi, aja ndinawagulira ku Limbe. Kukhoma, pa msomali, panali yunifolomu ya pinki.

Anthu onsewa anatha kundinamiza sabata yathunthu ndi pakamwa. Koma kulirira m'chipinda cholakwika, zimenezo sakanatha.

Prisca anandikoka dzanja, n'kundikhazika pa bedipo. "Lirani, achimwene," anatero. "Malo ake ndi ano."

5

A Brown anandiitanira kugalaja anthu atayamba kudya. Kunali kotentha, koma anatseka chitseko.

"Sponsa uja ndinu," ndinatero.

"Ndine."

"Mchemwali wanga ankakuchapirani."

"Anatipempha yekha, Rodney. Analembera mayi akunyumba, akuti kumudzi zavuta, ndipezereni chilichonse, bola kukhale kutali komwe anthu sandidziwa. Tikanamukana? Tinamutenga ngati m'bale. Sanagonepo ndi njala. Ena amagwira kwa anthu osawapatsa ngakhale ofu, kafunse."

"M'bale amagona kuseri kwa makina ochapira?"

"Nyumba za kuno amamanga choncho. Si ine ndinajambula pulani."

"Bwanji simunatiuze?"

"Anatilumbiritsa. Anati amayi ake akamva, afa." Anavalanso magalasi. "Ndikumvetsa kuti wakwiya. Koma tamvera. Mawa m'mawa ndikukasaina mapepala omaliza. Bokosi ndalipira, ndege ndalipira. Ukayamba phokoso, apolisi afuna kufunsa mafunso, ndipo mchemwali wako akhala mu firiji muja miyezi. Ukufuna zimenezo? Amayi ako akudikira."

Ndinayang'ana pansi. Panali sipanala pafupi ndi tayala la galimoto. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu omwe amayi anandiphunzitsa ndili mwana.

"Zikomo, bambo, chifukwa cha zonse mwatichitira."

Anandisisita paphewa.

Prisca ndinamupeza panja pa mpanda, pamthunzi wa mtengo wa kanjedza, akudikira anzake. Amagwira ntchito m'nyumba ina mumsewu womwewo. Anati ankakumana ndi asisi potaya zinyalala.

"Amayi anandituma filimu," ndinamuuza. "Ndikawauza chiyani?"

Anatulutsa foni. "Ilipo imodzi. Koma musanditchule, achimwene. Madamu anga ndi anzawo a anti Rebecca."

"Filimu yanji?"

"Kukabwera alendo, anti Rebecca ankamuitana. Amati, mukumudziwa uyu? Tayang'anitsitsani. Alendo akalephera, amatsitsa chikho chija pa shelefu. Ndiye amati, Thelma, tawachitira pa geti paja."

"Ndipo ankachita?"

"Poyamba ankakana. Kenaka anazolowera. Tsiku lina anti Rebecca anandibwereka kuti ndidzathandize kutsuka mbale, ndiye ndinajambula ndili pakhomo la khitchini." Anapukuta m'maso ndi mpango. "Ndinamufunsa kuti, iwe Thelma, sizikuwawa? Anati, Prisca, kwathu anandiombera m'manja tsiku limodzi. Kuno bola amandiombera mwezi uliwonse."

Anandipatsa foniyo.

"Foni ya Thelma sinkachoka m'thumba la epuloni," anapitiriza. "Ikalira nambala yachilendo, ankathamangira kubafa, poganiza kuti ndi a mafilimu, n'kuyankha m'Chingerezi chake chija. Nthawi zonse anali anthu otsatsa malonda."

Kanema ya Prisca ndinaionera pomwepo, dzuwa likuwala pa galasi la foni. Asisi ali pakati pa balaza lija, mu yunifolomu ya pinki. Akuika thireyi pa tebulo. Akutenga pilo wa pa sofa, n'kumubereka kumsana ndi epuloni. Alendo akuseka. Kenaka akugwada pa matailosi, akugwira geti lomwe palibe, akuyamba kuchonderera mlonda. Kuseka kukutha. Mzimayi wina akuika galasi pansi. Misozi ya asisi ikutsika, mawu akunjenjemera, ndipo ndikulumbira, anachita bwino kuposa m'filimu ija. Akumaliza. Anthu akuomba m'manja, wina akuimba mluzu.

Ndiye akumveka mawu a anti Rebecca: "Mwaona? Khalas, basi, Thelma, bweza piloyo. Tiyi wazizira, kawiritse wina."

Asisi akudzuka, akupukuta kumaso, akunyamula thireyi. "Chabwino, madamu."

Basi ya amayi aja inafika. Prisca ananditumizira kanemayo, n'kufufuta mu foni yake ine ndikuona.

6

Tinaika maliro ku Bangwe. Kunabwera anthu osaneneka. Akuluakulu a masuti aja anabweranso, nkhata zawo zazikulu kuposa za abale. A Zefaniya anayankhula m'malo mwa opanga mafilimu. Anati dziko lataya nyenyezi yomwe inali itayamba kuwala kunja. Anati iwo anadziwa kuyambira kale kuti Thelma si wa msinkhu wa kuno. Anthu anavomereza. Ine ndinali nditakhala kutsogolo, chikho chili pamiyendo, ndikuyang'ana nsapato zawo.

Anthu atabalalika, nyumba itasesedwa, amayi anandiitana kuchipinda.

"Filimu ija."

Ndinali nditaganiza za mphindi imeneyi mu ndege monse. Ndikanatha kunena kuti eni ake anakana. Ndikanatha kunena zoona. Koma ndili ku Karama, ba Mwamba atapita kuntchito, ndinali nditatsegula kale kanemayo, n'kuidula pomwe m'manja mukuthera. Ntchito yokhayo ya umanijala yomwe ndinaigwira mpaka kumapeto.

Ndinawapatsa foni. Anaigwira ndi manja awiri. Asisi atagwada, amayi anayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono, milomo ikutsatira mawu. M'manja mutayamba kuombedwa, anaseka uku akulira.

"Tamvera, Rodney! Tamvera mmene akumuombera! Ndi azungu amenewo?"

"Osakanikirana, amayi."

"Ndinkadziwa ine. Ankati mwana wanga watha. Watha uyu?" Anaibwezanso poyambira. "Nanga pilo bwanji? Mwana weniweni analibe?"

"Kunali kuyeserera chabe. Mwana amabwera tsiku lojambula."

"Oho." Anaipsompsona foniyo. "A Brown aja uziwaimbira, wamva? Anthu ngati amenewo ndi osowa. Mulungu awadalitse."

"Ndiziwaimbira, amayi."

Mpaka lero, mlendo aliyense wolowa m'nyumba mwathu amaonetsedwa kanemayo. Amayi a kumpingo anaiona. Abusa anaiona. Amayi amandiitana kuti ndiwatsegulire, chifukwa foni imawavuta, ndipo ine ndimaima pambali mpaka m'manja mutaombedwa. Kwa iwo imathera pamenepo. Ine ndimamvabe zotsatira zake.

7

Owerenga anzanga, mayina onse m'nkhani ino ndasintha, ndipo amayi sawerenga magazini. Sindinalembe kuti mundiuze chochita. Ena mwa inu munena kuti ndiwauze amayi zoona. Bwerani mudzawauze inuyo, ndikupatsani mpando.

A Brown ndimafuna kuwada, ndipo masiku ena zimatheka. Koma iwo anamupatsa bedi ndi chakudya pomwe ife tonse tinamupatsa ulemu wokhawokha. A Zefaniya anachita manyazi kumupatsa fanta. A kunja anamuona ngati nkhope yolira bwino. Ine ndinadinditsa timakhadi. Ndani mwa ife anamufunsa kuti, Thelma, mawa ugwira ntchito yanji?

Chaka chino mtsikana wina wa kwathu kuno wasankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto ngati yomwe ija. Ndamuona pa kanema, akuseka, akuthokoza Mulungu ndi amayi ake. Ndimamufunira zabwino. Akapambana, pitani ku bwalo la ndege, kaimbeni ng'oma, ndi bwino ndithu. Koma amene muli ndi kamera, kapena wailesi, kapena kasewero ka pa sukulu, ikatha sabata imeneyo mumuimbire foni. Musamuganizire kuti wakula. Muuzeni zomwe muli nazo, ngakhale zichepe bwanji, akane yekha.

Asisi anga akanavomera.